Nangula wa Kumbuyo kwa Chombo cha Atata

Atata anapita ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi khutu limodzi logontha, chikhoti chokhuthala chosagwirizana n'komwe ndi kutentha kwa ku Nyimba, ndi nkhani ya chombo chotsegula kamwa. Khutulo tinalizolowera, chikhoticho chinadyedwa ndi njenjete, koma nkhaniyo inakana kutha. Ine ndine chitsirizira wawo, wa kwa mkazi wachiwiri, ndipo ndinabadwa iwo imvi zili mbuu. Pamene ndinkayamba kuzindikira, nkhaniyo inali itatopetsa kale makutu a anthu m'mudzi mwathu.

Ankaikamba chonchi. Kunkhondoko anali dalaivala wa lole ya asilikali. Tsiku lina anawatengera ku nyanja yamchere, n'kupezako chombo chachitali ngati bwalo la mpira. Kutsogolo kwake kunali zitseko ziwiri zachitsulo zotsegukira uku ndi uku, ndipo zikatseguka pankatsika chitsulo china chachikulu chimene iwo ankachitcha lilime. Pa lilimelo pankadutsa akasinja ndi malole kulowa m'mimba mwa chombo, onse chafutambuyo, kuti potuluka angolunjika kutsogolo. M'mimbamo munali ngati m'tchalitchi chachikulu chopanda mabenchi, mafani akulira kutulutsa utsi. Pansi pa chombocho panali pathyathyathya ngati lichero, motero sichinkasowa doko. Chinkangolunjika kumtunda, n'kukwera pamchenga, n'kuyasamula.

Akafika pamenepo, manja atawatambasula kusonyeza zitseko, anthu ankafa nazo kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Kwathu chombo chimene tinkachidziwa ndi bwato la mtengo la ku Luangwa, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti bwato likang'ambika kutsogolo ndiye kuti lasanduka nkhuni. Wotsogolera kusekako anali bambo wina mwini golosale, munthu wa chimimba, amene anakhalako ku Lusaka ndi ku migodi, ndiye ankadziona ngati dziko lonse analimaliza. Atata akamadutsa ndi ndodo yawo, iye ankafuula ali kuseri kwa kauntala: "Asikali! Lelo chombo chasanza akasinja angati?" Atata ankangokweza chipewa n'kupitirira.

Zinkandiwawa, koma ndinene zoona, ukali wanga sunkapita kwa mwini golosale ayi. Unkapita kwa atata. Kusukulu anzanga ankanditambasulira manja kumaso ngati zitseko, ndipo atsikana awiri ndinawagwetsapo m'fumbi chifukwa cha chombo chimene ine mwini sindinkachikhulupirira. Nditakula, atata akangoyamba kuti, "Tili pa nyanja paja," ndinkanyamula ndowa kupita kumjigo ngakhale mitsuko yonse ili yodzaza.

Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Petauke, wowotcherera zitsulo, amene ali ndi kashedi kake kufupi ndi msika. Amapanga mafelemu a zitseko, mbaula ndi ngolo. Ine ndimagulitsa nthochi pamsewu waukulu pa Nyimba, kuthamangira mabasi a ku Lusaka ndi a ku Chipata beseni lili pamutu. Dimba lathu la nthochi lili kutsidya kwa mtsinje wa kwathu. M'chilimwe mtsinjewo ndi mchenga wokhawokha, ngolo imangodutsa, koma mvula ikakhazikika umadzaza milungu ingapo, nthochi n'kumapsa ndi kuwolera kutsidyako ife tikuziyang'ana. Chaka china nditadandaula mpaka kuwatopetsa, amuna anga anati, "Manje bwanji nipange pantuni ya madilamu yowolokela pamtsinje? Ngolo izikwela na ng'ombe zake."

Ndinakazitchula kumudzi mongocheza. Panthawiyo atata anali atapitirira zaka makumi asanu ndi atatu, maso atachita ng'ala, amai atatisiya kale. Anali chigonere pampando wawo wandalema. Atamva mawu oti pantuni anadzambatuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Pantuni ya chinji? Apange chombo changu! Neo niwauze mopangila," anatero akudziloza pachifuwa.

Apa ndiye panali vuto. Atata anali munthu wa mwambo wakale, ndipo amuna anga nawo analeredwa chimodzimodzi. Mkamwini sakhala pamphasa imodzi ndi apongozi ake, sawayang'ana m'maso, sadya nawo mbale imodzi. Amuna anga akabwera kumudzi ankanjuta patali, pafupi ndi nkhokwe, n'kuwomba m'manja, moni n'kumadutsa bwalo lonse. Ndi khutu la atata lija, moni yekhayo ankachita kubwerezedwa katatu. Za miyezo ya chombo sakanamvana n'komwe. Ndiye wonyamula mawu ndinali ine. Loweruka ndinkakhala kumbali ya khutu lawo lamoyo iwo akujambula pansi ndi ndodo, Lolemba n'kukwera basi kupita nazo ku Petauke.

Sindinawaonepo atata ali choncho chibadwire changa. Anayamba kumeta ndevu tsiku lililonse. Ngolo yathu anaiyeza ndi ndodo, m'litali ndi m'lifupi, kenako anakayeza ng'ombe zomwe, ina n'kutsala pang'ono kuwaponda. Ankalankhula mpaka thovu kukamwa: pansi pakhale pathyathyathya, lilime litalike kuti ngolo isachite kudumpha, m'mbali mukhale zotchingira kuti ng'ombe zisaone madzi. Ankaseka okha pokumbukira mmene pansi pathyathyathyapo pankawazunzira pakati pa nyanja. Akuti chombocho sichinkang'amba mafunde, chinkangowamenya mbama, phwa, phwa, usana ndi usiku, asilikali n'kumasanza mpaka ndulu. Kuyenda kwake kunalinso kwa nkhalamba, moti anyamata ankanena kuti mdani akhoza kuyamba wadya kaye asanachiwombere.

Amuna anga nawo anagwira moto. Chilichonse chimene ndinkabwera nacho ankachilemba ndi choko pachitseko cha shedi. Anasonkhanitsa madilamu, anawotcherera felemu, lilime analiika pa mahinjesi a chitseko cha kumbuyo kwa lole yakufa, n'kulipangira chopukusira chonga cha pachitsime cholikwezera ndi kulitsitsira. Tsiku lina anavula magalasi awo akuda aja n'kundiuza kuti, "Imwe amake mwana, apongozi aja ni injiniya weniweni. Vonse vamene akamba vigwilizana." Aka kanali koyamba kumva munthu akuyamikira mutu wa atata.

Koma panali mawu awiri amene sanafike ku Petauke.

Oyamba anali a madzi. Atata anati chombo chija chinali ndi zipinda za madzi kunsi kwake. Pakati pa nyanja ankathiramo madzi dala kuti chilemere, chikhazikike, ndipo poyandikira kumtunda ankapopa a kutsogolo kuti mphuno inyamuke. Achiwiri anali a nangula. Pa amenewa anachita kundigwira pamkono.

"Nangula akhale kumbuyo, osati kutsogolo. Chombo chikalibe kufika pamchenga, aponye nangula kumbuyo, chingwe chizimasuka. Pobwelela apukuse chingwe, chombo chizizidonsa chokha kuchoka pamchenga. Wamva, mwana wangu? Vina vonse ungaiwale, koma nangula iyai."

M'basi muja mawuwo ndinawatembenuza uku ndi uku. Kuthira madzi m'chombo dala? Kwathu madzi a m'bwato timakapa, ndipo wothiramo timamuthamangitsa. Nangula ndinamuonapo pachithunzi m'buku la kusukulu, ndipo anali kutsogolo. Nanga kamtsinje kathu kafuna nangula wanji, mitengo yomangirira ili mbwee m'mbali monsemo? Ndinati apa ndiye ukalamba walowerera. Amuna anga anali atangoyamba kuwalemekeza atata, ndipo sindinafune kuti nawonso ayambe kubisa kuseka m'manja. Ndinadziuza kuti ndikuwateteza. Mawu awiriwo ndinawasiya m'basi.

Loweruka lotsatira, ndisanakhale n'komwe pansi, anandifunsa: "Wawauza za nangula?"

"Nawauza, atata. Apanga."

Chombo chinabwera pa lole chili zidutswazidutswa, ndipo amuna anga anatha masiku awiri akuchimanga pagombe ndi masipanala. Mlungu umenewo mvula inali itagwa yosalekeza, mtsinje uli tho, kenako kunacha ndi dzuwa. Mbiri inali itafika kutali. Anthu anabwera pa njinga kuchokera ku Kacholola, amai ena anasiya mabeseni awo pamsewu, aphunzitsi a pasukulu yathu anaima pamthunzi manja ali m'thumba. Atata anavala malaya awo oyera a kutchalitchi. Ndinawagwira dzanja mpaka pa lilime. Analisisita, analigogoda ndi ndodo n'kutchera khutu, anapapasa mahinjesi limodzilimodzi.

"Ni ichi," anatero. "Chachepa chabe, koma ni ichi. Nangula?"

"Ali kumbuyo, atata."

Ngolo yopanda kanthu anaikankhiramo chafutambuyo, monga mwa malangizo, kenako ng'ombe ziwiri. Mpando wandalema tinauika pakati, ine n'kuima kumbali ya khutu lamoyo. Amuna anga anakaima kumbuyo kwenikweni atafulatira, chifukwa pachombo cha mapazi owerengeka mpamene pokha akanatalikirana ndi apongozi awo. Amuna anayi anagwira nsungwi zazitali zopondera pansi. Chombo chili pafupi kunyamuka, mwini golosale anakwera nawo akupuma wefuwefu, ati akufuna akaone ndi maso ake mmene timirire, poti madzi ake ndi ofika m'khosi chabe.

Chopukusira chinalira, lilime linakwera, nsungwi zinalowa m'madzi. Chombo chinasuntha. Chinayandama! Abale, chinayandama ndi ng'ombe zomwe! Nthungululu zimene zinabuka pagombe paja zinadzutsa mbalame m'mabango monse. Ana ankathamanga m'mbali mwa mtsinje kutitsatira, amuna ankaponya zipewa m'mwamba. Madzi ankatikokera kumunsi pang'onopang'ono, a nsungwi aja akulimbana nawo thukuta lili kamukamu, ng'ombe zili phee ngati zinabadwira pomwepo. Ine ndinkangofuula zosamveka. Atata anali atakhala mowongoka, ndodo ili pamiyendo, mphepo ikuwakupizira malaya.

Titatsala pang'ono kufika kutsidya ndinawauza kuti mchenga wayandikira. Anaimirira, ndipo mawu amene anatuluka m'chifuwa chokalambacho sindinkadziwa kuti analimo.

"Ponyani nangula!"

A nsungwi anayang'anizana. Amuna anga anacheuka n'kundiyang'ana ine. Mwini golosale anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ndinawerama msanga pakhutu paja.

"Aponya, atata."

Anaimabe kanthawi, mapazi atawayala bwinobwino pamatabwa. Kenako anakhala pansi.

Mphuno ya chombo inakwera pamchenga, khuu. Lilime linatsika, ng'ombe anazimanga pagoli, ngolo n'kutuluka matayala ake osakhudza madzi ngakhale dontho. Phokoso la kutsidya lina lija linachita kuwoloka mtsinje. Ine ndinavina pamchenga pomwepo, chitenje chitamasuka, osasamala za aphunzitsi. Za nangula ndinaziiwaliratu. Ndinati si izi, zatheka popanda iye.

Kudimba tinakhalitsa. Mikoko inali yambiri, ina itayamba kale kupsa, ndipo ine ndi umbombo wanga sindinafune kusiyako ngakhale umodzi. Tinadula, tinasanja, tinayala masamba, ngolo mpaka kulira. Atata anatsala pachombo pansi pa ambulera. Chimene tonse tinachiiwala n'chakuti mitsinje ya kwathu siichedwa kuphwa dzuwa likawala. Pobwerera tinapeza madzi atatsika, theka la chombo litakhala pamchenga.

Tinakwezabe ngolo chafutambuyo, ng'ombe pambuyo pake, lilime n'kutseka. A nsungwi anaponda. Chombo chili nji. Anapondanso mpaka nsungwi ina kuthyoka. Amuna anatsika kukakankha ndi mapewa, koma mapazi awo ankangomira mumchenga wonyowa uja, ndipo madilamu a kutsogolo anali atayamwidwa ngati chikhatho m'matope. Tinatsitsa ng'ombe, osatheka. Tinaganiza zotsitsanso ngolo, koma tikanati tichikankhire m'madzi chopanda kanthu, lilime silikanafikanso pouma, ngolo yolemerayo ikanatitimira. Madzi ankatsikabe, tikuwaona ndi maso pa kamtengo kamene wina anazika.

Kutsidya kuja nthungululu zinatha. Kenako kunayamba kumveka kuseka, kuseka komwe kuja ndinakula nako. Mwini golosale anapukuta thukuta n'kukweza mawu kuti awoloke bwino: "Asikali, akasinja anu agona kuno lelo! Kapena tiyembekeze mvula ya chaka chamawa?"

Ndinaona zonse zikubwerera pakale, ndipo tsopano zoposa, chifukwa nkhani yokambidwa pakamwa imaiwalika koma chitsulo chokhala pamchenga chimaonedwa ndi aliyense wodutsa. Atata akanapita nako kumanda kusekedwako.

Iwo sanatekeseke. Anangoti, "Mwavutikila chinji? Pukusani chingwe cha nangula."

Amuna anga anandiyang'ananso, ndipo nkhope yanga inawauza zonse. Anatsika pachombo, anapita patali monga mwa mwambo, ananjuta pamchenga n'kuwomba m'manja.

"Nangula kulibe, apongozi. Nalakwa ndine. N'naiwala."

Atata anaona chithunzithunzi cha munthu wonjuta, koma mawu sanawamve. Anatembenuzira khutu lawo kwa ine monga mwa masiku onse.

"Akuti chinji?"

Ntchito yanga inali yongonyamula mawu. Ndikanangobwereza zimene amuna anga ananena, nkhani ikanathera pa mkamwini woiwala, ndipo iwo anali atavomera kale kusenza. Ndinatsegula pakamwa kuti nditero, koma lilime langa linakana.

"Akuti aiwala, koma ni boza. Sin'nawauze."

"Kweza mawu!"

Munthu wogontha sungamuululire tchimo monong'ona. Ndinachita kufuula, amuna onse aja akumva, mwina ndi a kutsidya omwe. "Sin'nawauze ine, atata! Za nangula na za manzi, sin'nawauze! N'naona monga ni vaukalamba!"

Ngakhale mwini golosale anasiya kuseka. Atata anasisita mutu wa ndodo yawo. Ndinayembekezera kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda kukalipiridwako. Koma iwo anaimirira, anapapasa njira kutsika pa lilime limene tinali titalitsitsanso, n'kuchita chinthu chimene m'mudzi mwathu chinali chisanaonekepo. Anaitana mkamwini wawo.

"Apongozi! Bwelani kuno. Pafupi. Pafupi, nakamba!"

Amuna anga anasendera chokwawa. Atata anatambasula dzanja, anawagwira pamkono n'kuwakokera pansi pambali pawo. Amai ena a kutsidyako amene anatithandiza kudimba anagwira pakamwa. Apongozi ndi mkamwini ananjuta limodzi mitu itagundana, atata akujambula pamchenga ndi chala, amuna anga maso ali pansi, thukuta lili chuchuchu. Sipanapite nthawi, manyazi anawathera. Ndinawamva akufunsa, kenako akutsutsa ndithu, akufuulira m'khutu la apongozi awo ngati mnzawo wa kushedi. Mwadzidzidzi anadumpha.

"Pulawo! Kudimba kuli pulawo!"

Awiri mwa a nsungwi aja anathamanga kukaitenga m'kamsasa kathu. Amuna anga analumikiza matcheni a ng'ombe ndi chingwe chachitali chimene tinamangira nthochi, n'kumangirira ku pulawoyo. Amuna anayi anaisenza kulowa nayo m'madzi kumbuyo kwa chombo mpaka madzi kuwafika m'khosi, anaizika khasu lake pansi, n'kuipsinja ndi thumba la miyala. Ng'ombe zinakweranso, lilime analikweza n'kulimanga ndi waya, chopukusira chija anachimasula ndi sipanala n'kukachimanga kumbuyo. Zonsezi atata ali chiimire pakati pa chombo, akulamula ngati sajeni.

"Lomba mphuno inyamuke. Manzi tilibe nthawi yothila, manzi wangu ndimwe! Ngolo isendele kumbuyo, ng'ombe kumbuyo, anthu mwonse kumbuyo! A golosale ali kuti?"

"Nilipo, asikali."

"Imwe mweka ndimwe dilamu yathunthu. Imililani pakona apo, musasunthe."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunali kwina, ndipo ine ndinaseka nawo misozi ili m'maso. Bambo uja anapita pakona mwakachetechete, madzi akumunyambita nsapato. Tinapanikizana kumbuyoko, anthu, ng'ombe ndi nthochi, mchira wa ng'ombe ukundikwapula kumaso. Kumbuyo kunatitimira, ndipo kutsogolo ndinamva madilamu akulira mumchenga.

"Pukusani!"

Amuna anga ndi mnzawo wina anagwira chopukusira. Chingwe chinatuluka m'madzi chikudontha, chinawongoka, chinalimba. Kenako chinalefuka, pulawo itakhukhuluzika pansi. Anapukusabe, ndipo khasu lija linaluma penapake polimba. Chingwe chinachita kulira. Atata ankamenya ndodo pamatabwa kuwapatsa kayendedwe, gu, gu, gu, ife tonse n'kumavomera ngati tili pa dima. Mitsempha ya m'khosi mwa amuna anga inatupa. Chombo chinanjenjemera, chinasuntha kotalika ngati chikhatho, chinaima, kenako mchenga unachilavula, fwaa, tonse n'kugwerana.

Tinali pamadzi! Mmene ndinakuwira tsiku limenelo, mawu anandithera masiku atatu. Kutsidya anthu analowa m'madzi ndi zovala zomwe. Wina anali atathamangira ng'oma ya kutchalitchi. Titafika pamwamba pa pulawo anaizula n'kuikweza ili matope okhaokha, a nsungwi anatembenuza chombo kuti kamwa iloze kwathu, ndipo pang'ono ndi pang'ono tinakakwera pamchenga wa kumudzi. Ulendo uno atata atafuula kuti "Ponyani nangula!" pulawo inagwa m'madzi, chubwi, anthu anayi akulimbirana kuiponya. Lilime linatsika, ng'ombe zinatuluka, ngolo ya nthochi zanga pambuyo pake.

Mwini golosale anatsika buluku litanyowa mpaka m'mawondo. Anaima patsogolo pa atata, anavula chipewa, anachitembenuzatembenuza m'manja.

"Asikali, nanga chija chenicheni chinali kunyamula akasinja angati?"

"Bwelani mailo kukacha kunyumba, nikuuzeni," anatero atata. "Mubwele na shuga."

Khamu lonse linatsatira ngolo kulowera kumsewu, likuimba, amuna anga atawanyamula pamapewa. Atata anabwerera pampando wawo pachombo paja, ati apumeko. Ndinatsala kuti ndiwanyamulire mpandowo. Dzuwa linali litapendeka, madzi akunyambita madilamu. Ndinagwada pamatabwa.

"Atata, munikhululukile."

"N'naziwa pamanzi paja," anatero. "Nangula akagwila, chombo chimakuuza kumapazi. N'naimilila, n'namvetsela, palibe chinagwedeza." Anatembenukira kwa ine. "A golosale akaseka, neo nilibe nao kanthu, ni mwana wa wene, si wangu. Koma weo unali kunyamula ndowa. Unali kuganiza kuti siniona?"

Ndinalira ngati kamwana. Sanandiletse. Nditatonthola anati, "Nkhani yangu palibe anaimvapo mpaka kumapeto. Mwonse mumasekela pa chitseko."

Zinandilasa, chifukwa zinali zoona. Zaka zonse zija, ine mwana wawo sindinkadziwa chimene chinachitika zitseko zitatseguka, ndipo sindinafunsepo.

Anandiuza pomwepo, mawu ali pansipansi. M'chombo muja anali ndi mnzawo wa ku Kaumbwe, amene analembedwa naye usilikali tsiku limodzi, ankagona moyandikana ndi kugawana fodya. Lole ya mnzawoyo inali patsogolo pa yawo. Lilime litagwa, mfuti zinayamba kulira kuchokera m'mitengo ya kumtunda. Mnzawoyo anatsika bwinobwino, anayenda pang'ono pamchenga, lole yake n'kusanduka moto. Lamulo linali lakuti dalaivala asaime, chifukwa akaima atsekera onse a m'mbuyo. Atata anakhotetsa chiwongolero n'kumulambalala. Sanapite patali, china chinaphulika pambali pawo, ndipo mpamene khutu lija linathera. Anatsitsimuka atagonekedwa pansi m'mimba mwa chombo chomwe chija, pamene m'mawa panali akasinja, pakati pa ovulala ambirimbiri. Madzi a nyanja anali akuphwa, mfuti zikulirabe, aliyense akudziwa kuti chombo chikakhalira pamchengapo onse athera momwemo. Kumva sankamva kanthu. Koma kumsana, kudzera m'chitsulo chimene anagonera, anamva chingwe cha kumbuyo chikupukusidwa, chombo chikudzikoka pang'onopang'ono kubwerera kunyanja.

"Mnzangu anatsala pamchenga paja. Neo nangula ananibweza, n'nafika kuno, n'nakubala weo. Uyo ni nangula wamene unasiya m'basi."

Sindinawauzepo za basi. Anangolota, kapena ankandidziwa kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinayang'ana chingwe chimene chinkalowa m'madzi kumbuyo kwa chombo, chili cholimba, chitatigwira.

"Yambilani poyamba, atata," ndinatero. "Vonse."

Anakonza chipewa, anatsokomola, anaika ndodo pamiyendo.

"Tili pa nyanja paja..."

Ndinakhala pansi pamatabwa onyowawo, kumbali ya khutu lawo lamoyo, nthochi zanga zikupita kumsewu popanda ine.